Tsiku Limene Anandituma Kukatenga Achimwene a Lameki

Ku Perth ndinapita chifukwa cha achimwene a Lameki, ndipo ndinabwerako popanda iwo. Anthu akandifunsa za kumeneko amafuna ndiwauze za ndege, za misewu, kapena ngati azungu amadyadi masamba osaphika. Ndimawayankha mmene ndingathere. Koma chimene ine ndimakumbukira kwambiri ndi tsiku limene akuluakulu anandituma kukatenga achimwene kuti adzaone nkhope ya amayi awo bokosi lisanatsekedwe.

A Lameki si obadwa nawo bere limodzi. Amayi awo ndi amayi anga anali munthu ndi mng'ono wake. Amayi anga atamwalira ndili wamng'ono, amayi aakuluwo ananditenga n'kundilera kwathu ku Dowa, moti ndinkangowatchula kuti amayi. A Lameki anali mwana wawo yekhayo. Iwo anali anzeru m'kalasi komanso olankhula. Ine ndinali wa manyazi. Mlendo akabwera ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe.

Bambo a Lameki anamwalira achimwenewo ali ku sekondale. Anali atadulidwa mumpingo chifukwa chokwatira mkazi wachiwiri ku esiteti ya fodya. Akumpingo anabwera pamaliro, koma sanavale yunifolomu ndipo sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Amayi, amene ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse, anangowerama osadandaula. A Lameki ndi amene sanaiwale. Kuyambira pamenepo sanapondenso m'tchalitchi. Ankati, "Mulungu amene amayang'ana kaye ngati munthu ali ndi mlandu asanamuimbire nyimbo, ameneyo ndi wa amadikoni, si wanga."

Anaphunzira za unamwino, anagwira ntchito ku Lilongwe, kenako anapeza mwayi wopita ku Australia. Patapita zaka anandiitanitsa kuti ndikaphunzire zosamalira okalamba. Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza pa siteji ya minibasi. Miyendo yawo inali itayamba kale kutupa. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Ukamvere mkulu wako. Ndipo ukamuuze aziimba foni. Mawu ake okha amandikwanira."

Tinkakhala ku Rockingham, m'chipinda chimodzi cha nyumba imene tinkagawana ndi anyamata ena a kumayiko ena. Masana ndinkapita ku koleji, ndikaweruka ndinkakwera sitima kukatsuka mbale mu lesitilanti ina ku Northbridge. Madzi otentha ndi sopo wake zinasenda khungu la m'manja mwanga mpaka zala zinkaoneka ngati chinangwa chonyika. Masiku oyamba ndinkapatsa moni aliyense wokhala naye pafupi m'sitima. Ena ankamwetulira, ena ankasuntha chikwama chawo. A Lameki anaseka nditawauza.

"Iwe, kuno moni sagawa ngati mapiritsi a njoka za m'mimba. Uzingoyang'ana pawindo."

Ndinayamba kuyang'ana pawindo. Ndinkaona nyumba zambirimbiri zokhala ndi kapinga wometedwa bwino, koma pakhomo popanda munthu.

M'khitchini muja ndinapezamo a Tembo, bambo wa ku Zambia amene ankaphika nyama. Anali a mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuvala magolovesi awiri dzanja limodzi, komanso kuti bwana akakalipa ndisamagwade. "Mufana, ukagwada apa bazaganiza wagwetsa foloko," ankatero. Sankapemphera kulikonse. Ankati anayesa mipingo yonse ya ku Lusaka ndipo yonse inamupempha zinthu ziwiri, Sande yake ndi chikwama chake.

Achimwene ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Kumeneko kunali gogo wina wachizungu amene ankamusambitsa ndi kumudyetsa kwa nthawi yaitali. Gogoyo anafera m'manja mwawo, popanda mwana kapena mdzukulu pafupi. Thupi litangochotsedwa, anawauza kuti asinthe zofunda chifukwa chipindacho chinali ndi wina wochidikira. Atabwera kunyumba tsiku limenelo sanadye. Anakhala pabedi nsapato zili kuphazi.

"Palibe analira, mphwanga," anatero. "Ngakhale ine sindinalire. Ndinangoyala bedi."

Kuyambira pamenepo tulo tinkawavuta. Ndi m'masiku amenewo pamene anakumana ndi anthu a gulu lina lachilendo. Ankaika katebulo m'mbali mwa msewu ku Northbridge, atavala malaya oyera, n'kumaitana odutsa kuti awayeze kwaulere ngati ali ndi nkhawa. Ankati iwo si mpingo ngati mipingo ina, ngakhale anali ndi tsiku lawo losonkhana, mabuku awo, ndi mkulu wawo amene chithunzi chake chinali pakhoma paliponse. Analinso ndi kamakina. Munthu unkagwira zitsulo ziwiri m'manja, mlangizi n'kumakufunsa mafunso uku akuyang'ana kamuvi kamene kankagwedezeka. Ankati kamuviko kamaonetsa pamene mtima ukubisa kanthu. Amalawi anzathu anangowatcha a mpingo wa kamakina.

Achimwene anakopeka. Anayambanso kuseka, kudya, ndi kugona. Ankandiuza kuti, "Kumeneko kulibe Mulungu wokwiya, kulibe kudula anthu. N'zasayansi. Umatsuka maganizo ngati mmene iwe umatsukira mbale." Ine ndinasangalala kuwaona ali bwino.

Tsiku lina ananditenga. Sindinafune, koma sindinadziwe mmene ndingakanire mkulu wanga. Mlangizi wawo anali mayi wachizungu wa mawu ofewa, womwetulira nthawi zonse. Anandigwiritsa zitsulo zija n'kundifunsa ngati pali chimene chimandimvetsa chisoni. Kwathu munthu wachilendo sumuuza za mumtima, ndiye ndinati ayi, zonse zili bwino. Kamuvi kanalumpha.

"Pali chimene mukubisa," anatero mayiyo m'Chingerezi.

Ndinapepesa. Ndinapepesa kwa iwo, ndipo ndikuganiza kuti ndinaweramiranso kamakinako pang'ono. A Tembo nditawafotokozera anaseka mpaka nyama inapserera.

"Iwe mufana, manja yako yamatuluka thukuta ngakhale ukaona mukazi pa basi! Manje ufuna kamakina kakambe chani? Kuja kwa ba pasita bakugulitsa mafuta ya kudzoza, uku bakugulitsa kamuvi. Bonse ni bamodzi."

Sindinapitekonso. Achimwene anapitiriza. Makalasi ake anali olipira, ndipo ukamaliza imodzi pankabwera ina yapamwamba. Anayamba kutenga mashifiti owonjezera. Kenako anayamba kulankhula za anthu okoka. Anati anaphunzira kuti pa moyo wa munthu aliyense pamakhala anthu amene amamukokera pansi, ndipo kawirikawiri amakhala achibale. Amakugwira ndi chisoni, amakugwira ndi matenda awo, kuti usapite patsogolo.

Amayi ankaimba Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, pafoni ya malume, mchimwene wawo. Nkhani zawo zinali zomwezo: miyendo, mvula, mbuzi, ndi pemphero pomaliza. Achimwene anayamba kutuluka panja foni ikalira. Kenako anasiya kuyankha. Tsiku lina ndinabwera kuchokera ku koleji n'kupeza bedi lawo lili lopanda zofunda. Anasamukira kunyumba ya anthu a gulu lija. Anatseka manambala a achibale onse ndi a Amalawi onse, kusiya yanga yokha. Ndikuganiza kuti anaisiya chifukwa ine sindinawatsutsepo.

Amayi ankandifunsa, "Mkulu wako ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Ntchito yawachulukira."

"Umuuze asamadzipanikize."

Ndinapita kukadandaula kwa abusa a mpingo umene Amalawi ambiri ankapempherako. Anandisanjika manja, anati ndi ziwanda, ndipo Lamlungu lotsatira analalikira za achimwene, osatchula dzina, koma aliyense anadziwa. Anauza anthu kuti asamadye naye munthu wotero. Ndinakhala kumbuyo ndikuyang'ana pansi. Ndinaganiza kuti a kamakina auza achimwene kuti atitaye, ndipo abusa akutiuza ife kuti tiwataye iwo. Sindinaone amene ankafuna kuti tikumane. Potuluka ndinawathokoza abusa chifukwa cha uthenga.

Inali nyengo yotentha, nthawi imene kwathu kumagwa mvula. M'mawa wina foni inalira. Anali Mayi Chirwa, namwino wamkulu amene Amalawi tonse tinkamutenga ngati kholo. Ankakhala ku Joondalup ndi amuna awo.

"Mwanawe, lero usapite kuntchito. Ubwere kunyumba kuno, tili ndi kankhani."

Sindinafunse kuti nkhani yanji. Ulendo wa sitima kuchokera ku Rockingham ndi wautali, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti mwina ndi za viza. Nditafika ndinapeza nsapato zambiri pakhomo. Mipando ya pabalaza inali itatulutsidwa panja. Azimayi anali atakhala pansi, atavala zitenje, mitu itafundidwa. Ndinavula nsapato n'kulowa.

Bambo Chirwa anandikhazika pakati pa iwo ndi a Tembo, amene anali ataitanidwa kale chifukwa ankadziwika kuti ndi anzanga. Anandigwira phewa n'kundiuza kuti amayi atisiya dzulo lake. Malume sanaimbire ine. Anaimbira akuluakulu, monga mmene ziyenera kukhalira, kuti uthenga undipeze ndili pakati pa anthu.

Nditalira, anandipatsa foni. Kumudzi kunali kukucha kumene, ife dzuwa lili pamutu. Mawu a malume anali osasa.

"Mphwanga, tiika lero. Thupi silingagonenso, kukutentha ndipo mvula ili pafupi. Koma mlongo wangayu mawu ake omaliza anali a Lameki. Anati mwana wanga adzandione. Ndiye bokosi sinditseka mpaka Lameki aone nkhope, ngakhale pafoni pomwepa. Ndiwagwira adzukulu mpaka masana. Kupitirira apo sindingathe. Kamutenge."

Masana a kumudzi ndi nthawi imene dzuwa limapendeka ku Perth. Bambo Chirwa anati palibe wina angapite koma ine, chifukwa a kamakina aja sakanalola Mmalawi wina aliyense kuonana nawo. Mayi Chirwa anandiperekeza mpaka pageti.

"Tamvera. Usakamuuze kuti amwalira. Uthenga wa maliro sanenera pamsewu kapena pakati pa alendo. Munthu akhoza kukomoka, akhoza kudziponya kunjanji. Ukangoti matenda akula, akukufunani kwa a Chirwa. Zotsalazo tidzanena ife akafika. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

Pamene ndinkatuluka, abusa athu aja ndi mkulu wa mpingo wina anali pakhonde akukambirana motsitsa mawu, koma nkhope zili gwaa. Nkhani inali yakuti atsogolere mapemphero ndani, popeza malemu anali a mpingo wa uyu koma ine namfedwa ndinkapemphera kwa uyo.

A Tembo anandiperekeza pasitima. Sanachite nthabwala njira yonse. Titatsika n'kuyamba kuyenda ku Northbridge anati, "Mufana, ukamuuze chabe vilivonse mwamene vilili. Baja bantu sibaziba vakwanu."

"Sindingathe, a Tembo. Mayi Chirwa anena."

"Nizakuyembekeza panja. Nikangena ine, kamakina kazapsa."

Mkati munali mozizira ndi mwa fungo la maluwa. Mtsikana wa pakhomo anamwetulira, anandikhazika pampando wofewa, n'kupita kukawaitana. Anatenga nthawi. Pakhoma mkulu wawo uja ankandiyang'ana ali pachithunzi. Kenako achimwene anatulukira limodzi ndi mlangizi wawo uja. Anali ataonda. Malaya oyera aja ankawakhwepa m'khosi. Ndinaimirira, ndinapereka moni ndi manja awiri.

"Wabwera bwanji osaimba?" anafunsa.

"Achimwene, matenda a amayi akula. Akukufunani kwa a Chirwa."

Anandiyang'ana. Anayang'ana maso anga ofiira, anayang'ana malaya a kutchalitchi amene ndinavala pakati pa sabata. Palibe mwana wa ku Dowa amene sadziwa tanthauzo la mthenga wobwera yekha masana ndi mawu amenewo. Iwo omwe, ali mnyamata, anatumidwapo panjinga kukanena mawu omwewa kwa azakhali ku Mponela. Ndinaona kuti amva. Ndinatambasula dzanja kuti tizipita.

Mlangizi uja anawagwira pamkono n'kufunsa chimene ndanena. Achimwene anamasulira m'Chingerezi mawu anga mmene analili. Anati mng'ono wanga akuti amayi akudwala kwambiri.

Mayiyo anagwedeza mutu mwachifundo. "Lameki, tinakambirana kale zimenezi. Nthawi zonse amabwera ndi matenda. Mwatsala pang'ono kumaliza gawo lanu, n'chifukwa chake akukoka mwamphamvu." Kenako anatembenukira kwa ine, akumwetulirabe. "Kodi mungalole kugwira zitsulo, kuti mkulu wanu akhazikike mtima?"

Ndikanakana. Koma anapempha mwaulemu, ndipo ndinaganiza kuti ndikawakwiyitsa sawalola achimwene kutuluka. Tinalowa m'kachipinda. Ndinagwira zitsulo zija. Manja anga anali chinyezi chokhachokha.

"Kodi amayi a Lameki akudwala panopa?"

"Eya."

Kamuvi kanathamangira kumapeto.

"Kodi pali anthu amene akuuzani zoti mudzanene kuno?"

"Eya."

"Kodi zimene mwanenazi n'zoona?"

Ndinayang'ana achimwene. Mayiyo anatembenuzira kamakina kwa iwo kuti aone okha.

"Achimwene," ndinatero m'Chichewa, "inu mukudziwa. Mukudziwa mmene timanenera kwathu."

"Ine ndamva zimene wanena," anayankha, maso ali pa kamuvi. "Wanena kuti akudwala. Ngati pali zina, nena."

"Tiyeni kwa a Chirwa, akakuuzani akuluakulu."

"Nena pompano."

Sindinayambe ndanenapo mawu otero kwa munthu wamkulu. Ndinasiya zitsulo, ndinagwada pakapeti paja.

"Amayi atisiya dzulo. Akuika lero. Malume agwira bokosi kuti muone nkhope."

Achimwene anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mlangizi anafunsanso chimene ndanena, ndipo iwo anamasulira ndi mawu ang'onoang'ono ngati a mwana.

"Posachedwapa amadwala," anatero mayiyo modekha. "Tsopano amwalira. Bodza loyamba litakanika, abwera ndi lalikulu. Lameki, mwaona nokha. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, thupi ndi chovala chabe. Kulira ndi kumene akufuna kukugwirani nako."

Ndinayesa kufotokoza m'Chingerezi changa chothyoka kuti silinali bodza, kuti ndi mwambo, kuti timatero pomuteteza munthu. Mawu ankandithawa. Ndinkangobwereza kuti pepani, pepani. Mayiyo ankamvetsera mwachidwi ngati namwino womvera wodwala malungo akubwebweta.

"Pita, mphwanga," anatero achimwene.

"Achimwene, ndi amayi."

"Ndati pita."

Ndinadzuka. Ndili pakhomo ndinanena osatembenuka kuti nkhope aonetsa dzuwa likamapendeka, kunyumba kwa a Chirwa.

A Tembo atandiona ndikutuluka ndekha sanafunse. Anangotaya ndudu yawo n'kundigwira pakhosi ngati mwana wawo. M'sitima ndinayang'ana pawindo.

Kwa a Chirwa anthu anali atachuluka. Ena anabwera ndi yunifolomu za kuchipatala, kuchokera kushifiti. Abusa athu ndi mkulu wa mpingo uja anali atagwirizana zogawana, wina pemphero, wina ulaliki. Mayi Chirwa anandikokera kukhitchini, ndipo ndinawauza zonse. Atamva anati, "Ndakulakwitsa ndine, mwanawe. Ndinaiwala kuti kuno n'kwa eni." Anapukuta maso ndi chitenje n'kubwerera kukaimba.

Foni anaiimika pa tebulo laling'ono pakati pa balaza. Pa vidiyo tinkaona khonde la nyumba yathu, amayi a mpingo atavala zoyera, ndi bokosi lili pamphasa. Ulendo uno akumpingo ankaimba ndi mtima wonse, chifukwa malemu analibe mlandu. Chithunzi chinkaima n'kuyendanso. Malume ankabweretsa nkhope yawo pafupi n'kufunsa, "Wafika?" Bambo Chirwa ankayankha kuti ali m'njira. Anthu a kumudzi anaona nkhope onse, mzere unatha. Tinamva bingu. Tinamva mkulu wa adzukulu akunena kuti manda adzadza madzi. Malume anapempha nyimbo ina. Itatha anapemphanso ina.

Ili mkati nyimboyo, a Tembo, amene anali panja kusuta, anasuzumira pakhomo n'kundikodola.

"Mufana, pali motoka kuja. Yaimilila nthawi itali."

Ndinatola foni ija patebulo osapempha, n'kuthamanga wopanda nsapato. Phula linkawotcha. Galimoto yoyera inaima tsidya la msewu, injini ikulira. Woyendetsa anali mzungu wa malaya oyera. Pambali pake ndinazindikira mutu wa achimwene ndi phewa lawo. Sindikudziwa chimene anawauza anthu aja kuti awabweretse. Sindikudziwa ngati anapempha, kapena ngati anabwera nawo kuti awayese ngati alimba. Mawindo anali otseka.

Ndinagogoda. "Achimwene! Tsegulani!"

Windo silinatsike. Ndinakuwira mufoni, "Malume, onetsani nkhope! Ali pano! Onetsani!"

Ndinaona chithunzi chikugwedezeka, denga, miyendo ya anthu, kenako nsalu yoyera ndi chipumi cha amayi. Ndinatembenuza foni n'kuigunditsa pagalasi la galimoto, ndikuigwira ndi manja awiri. Dzuwa linali kumbuyo kwanga, lotsika ndi lowala kwambiri. Pagalasipo sindinkaonanso mkati. Ndinkangoona mitengo, thambo, ndi nkhope yanga yomwe pakamwa pali yasa. Mufoni amayi a kumudzi anayamba kulira mokweza atamva dzina la Lameki. Malume ankafuula, "Akuona? Akuona kodi?"

Anthu anatuluka m'nyumba. Ndinamva Mayi Chirwa akuti, "Musayandikire, musiyeni mwanayo." Koma abusa athu aja anali atawoloka kale msewu, Baibulo lili m'mwamba. Anamenya denga la galimoto ndi chikhatho n'kuyamba kufuula kuti chiwanda chituluke, chimusiye mwana wa Mulungu. Ena awiri anawatsatira akukuwa. Woyendetsa uja anachita mantha, kapena anapeza chifukwa chimene ankadikira. Galimoto inasuntha. Ndinathamanga nayo pang'ono foni ili pagalasi, mpaka inandisiya pa mphambano.

Nditayang'ana mufoni ndinaona madontho a mvula pagalasi la foni ya kumudzi. Ndinamva malume akuti, "Taonetsa. Tsekani." Kenako ndinamva hamala.

A Tembo anabwera kudzanditenga pamene ndinaima. Podutsa pafupi ndi abusa anawayang'ana n'kunena kuti, "Mwachita bwino, ba pasita. Chatuluka. Chapita na motoka."

Nambala ya achimwene inasiya kugwira sabata yomweyo. Ndinapita ku Northbridge kangapo. Mtsikana wa pakhomo ankamwetulira n'kunena kuti a Lameki anapita ku mzinda wina kukachita maphunziro apamwamba, ndipo sakufuna kusokonezedwa. Ndinapita kupolisi limodzi ndi Bambo Chirwa. Anatiuza mwaulemu kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosalankhula ndi achibale ake.

Ndinamaliza koleji, ndinasiya zotsuka mbale, ndinayamba ntchito yosamalira okalamba. Ndinasambitsa ambiri, ndinatseka maso a ena, ndinayala mabedi. Kutchalitchi ndinkapitabe Mayi Chirwa akandiitana, chifukwa sindinkafuna kuwakhumudwitsa. Ndinkaimirira anthu akaimirira, n'kukhala akakhala. Nyimbo ndinkazidziwa zonse, koma sizinkatulukanso. Ndikaona katebulo kaja m'mbali mwa msewu ndinkawoloka tsidya lina, kenako n'kuima patali kuyang'ana nkhope za ovala zoyera, mwina n'kuona yawo.

Viza itatha ndinabwerera kumudzi. M'nyumba ya amayi munali mutalowa mwana wa malume ndi mkazi wake, ndipo anali atadula mtengo wa mapeyala kuti amange kagolosale. Ana amene ndinawasiya akukwawa ankandithawa. Achibale ena ankandilankhula mwaulemu wopitirira, ngati ndine mlendo wochokera ku boma. Ena ankanong'ona kuti ndinamusiya dala mkulu wanga kuti zabwino za kunja ndidye ndekha.

Malume anali atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala. Tsiku lotsatira anapempha chilolezo kwa eni manda, n'kunditenga, atagwira mkono wanga. Manda a amayi anali mulu wa dothi umene unali utatitimira pakati. Anandiuza kuti chiliza sanamange, akudikira mwini mayi. Tinakhala pansi. Anawauza amayi kuti mwana wawo wamng'ono wabwera. Kenako anatembenukira kumene kunali mawu anga.

"Mphwanga, pafoni sindinafune kukufunsa. Tsiku lija ndinachedwetsa maliro, adzukulu anandinyoza, mlongo wanga tinamuika m'matope. Ndinawauza anthu onse kuti Lameki waona. Tsopano tili atatu pano. Undiuze. Anaona nkhope?"

Ndinadziwa yankho limene ankafuna, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikupatsa akuluakulu mayankho amene akufuna. Linali pakamwa kale. Ndinayang'ana dothi lija.

"Sindikudziwa, malume. Dzuwa linali pagalasi."

Malume anapapasa pansi, anazula kaudzu kamene kanamera pamanda, n'kukataya kumbali.

"Ndiye tidikirabe," anatero. "Ndidzutse."